Kamdala Kanga ka ku Giredi Ziro

Musiyeni Tadiwa alire, ana inu. Mwamuveka yunifolomu yatsopanoyo, mwamuuza kuti sukulu ikatsegulidwa aphunzitsi akamudya wamoyo, ndiye mukufuna aseke? Bwera kuno iwe, khala pa bondo ili. Osati ilo, ilo linapuma ntchito kalekale, ndipo mumva posachedwa mmene linapumira. Enanu khalani pansi. Ndikudziwa mundiyankha m'Chishona monga mwa masiku onse, palibe kanthu, bola makutuwo amve Chichewa. Ndikufuna ndikuuzeni za msuweni wanu Yamikani, amene mumamuseka kuti popereka moni amagwira chigongono ngati mkulu wa mpingo. Kumeneko ndi kwanga. Ndinamulera ndine, ndipo ndinatsala pang'ono kulandidwa mwanayo chifukwa chomulera bwino kwambiri.

Ife pa msinkhu wa Tadiwayu sitinkadziwa kuti mwana angasowe mnzake. Ndinabadwira pa famu ku Muzvezve, m'komboni ya antchito. Bambo anga anachokera ku Ntcheu wapansi kudzera ku Tete, ndipo nkhani ya ulendowo inkatalika chaka ndi chaka, mpaka mikango yomwe anakumana nayo inachuluka kuposa anthu amene ananyamuka nawo. Amayi ankalawirira ku munda wa thonje, ife n'kutisiya mulu umodzi ngati anapiye, wamkulu kubereka wamng'ono. Amene anandilera ine ndi mlongo wanga wondiposa pang'ono chabe, moti akandibereka mapazi anga ankalemba mizere m'fumbi. Tinkakumba mbewa, kuumba ng'ombe zadothi, kulimbirana chimodho, chigumu cha pa famu chija chomwe ukadya m'mawa umamva ludzu mpaka madzulo. Kumenyana ndi kugwirizana zonse zinkatha dzuwa lisanafike pamutu. Sukulu yathu inali m'shedi yosungiramo mabelo a thonje, ndipo palibe ankalira popita kumeneko, chifukwa amene unkakhala nawo m'kalasi ndi omwewo unaba nawo mango dzulo lake.

Nditakula ndinayendetsa thirakitala pa famu yomweyo, mpaka mafamu atasintha manja ife n'kubwera kuno ku Chinengundu, m'tauni ya Chegutu, ndi katundu pa ngolo. Thirakitalayo inandisiyira msana wopweteka ndi mawu aakulu, poti pa chinthu chimenecho unkayenera kukuwa kuti mnzako akumve. Mawuwo ndi amene anandipezera udindo ku sosaite yathu ya maliro. Inu ana a lero simudziwa chifukwa chake anthu akwathu amalimbikira sosaite. Anzathu Achishona, munthu akamwalira amamunyamula kupita naye kumudzi kwawo. Ife kumudzi kwathu kuli kutsidya kwa malire, ndipo ambiri a ife sitinakuoneko n'komwe. Tikapanda kuikana tokha atiika ndani? Ndiye maliro a munthu wa ku Malawi kapena wa ku Mozambiki akagwa, kaya konkuno ku Chegutu, kaya ku Kadoma, kaya m'mafamu, ine ndinkakhala ndafika, ndipo woyankhula pamanda ndinali ine.

Azakhali anu Esnati atapita ku Joni kukagwira ntchito, anatisiyira Yamikani akungophunzira kuyenda. Agogo anu aakazi ankakhala ku msika tsiku lonse ndi matimati awo, ndipo atamutenga kawiri katatu anati mwanayu akuwafinyira malonda. Ndiye anagwera ine. Ndinamanga kapilo pa mtanda wa njinga ndi mphira wa chubu, n'kumukhazika pamenepo, timanja take pa handulo pakati pa anga. Komwe ndapita, iye wapita. Kumaliro, limodzi. Kukakhala kulibe maliro tinkakhala pansi pa mtengo wa mango kwa a Juwawo, mnzanga wa ku Mozambiki amene anathera unyamata wake pansi pa mgodi, tikusewera bawo ndi kudandaula za mvula.

Pofika msinkhu woyamba sukulu, m'nyumba muno munali nkhalamba zitatu. Yamikani ankayenda manja ali kumbuyo. Pokhala pansi ankabuula kuti, "Mayo ine, msanawu." Tiyi ankathira m'sosala n'kumauzira pang'onopang'ono. Mlendo akabwera ankamufunsa za kunyumba mmodzimmodzi mpaka mbuzi, kenako n'kuyang'ana kumwamba n'kunena kuti chaka chino mvula ichedwa. Nkhuku ikalowa m'nyumba ankaithamangitsa m'Chilapalapa cha a Juwawo, chiyankhulo cha mumgodi chija: "Hamba wena!" Chishona ankachidziwa, koma nkhani zonse zaulemu ankaziyankhula m'Chichewa. Ine ndinkati mwana wamakhalidwe ngati uyu mu Chegutu monse mulibe, ndipo ndikunenabe.

Tsiku loyamba la giredi ziro ndinamuperekeza ndekha. Anakana kusiya chipewa chake, chipewa changa chakale chomwe chinkamufika m'makutu. Titafika pa geti tinapeza zimene mumazidziwa nonse: ana akulira mokuwa, ena akugubuduka m'fumbi, amayi awo atazungulira atamanga zitenje, wina akupukuta misozi, mipando itandandalikidwa pabwalo. Yamikani anaima. Anayang'ana uku, anayang'ana uko. Kenako anavula chipewa n'kuchigwira pamtima.

"Agogo," anandinong'oneza, "bwanji simunandiuze?"

Ndisanayankhe n'komwe anali atayamba kale. Anapita kwa mwana woyamba n'kumugwira dzanja ndi manja awiri. "Pepani. Zachitikazi tazimva." Kwa wachiwiri, "Pepani, limbani mtima." Anayenda mzere wonse osadumpha ndi mmodzi yemwe, mpaka amayi a anawo. Ana ena anasiya kulira chifukwa chodabwa, pakamwa pali yasa. Atamaliza anapita kwa aphunzitsi awo, Mai Moyo, amene anaima pakhomo la kalasi, n'kuwerama pang'ono.

"Thupi lifika nthawi yanji?" anafunsa.

Mai Moyo sankamva Chichewa. Anandiyang'ana ine n'kufunsa m'Chishona kuti mwanayu akuti chiyani. "Sekuru, ari kuti chii?"

Nditawamasulira anaseka mpaka kugwira chitseko. Inenso ndinaseka, koma kunena zoona ndinabwerera nditatukumula chifuwa. Ndinadutsira kwa a Juwawo kukawauza kuti sosaite yapeza wodzalowa m'malo mwanga.

Masabata anapita, nkhani zinayamba kundipeza. Nthawi yopuma anzake akamathamanga, iye ankakakhala pa geti ndi mlonda, kukambirana za nyamakazi. Akamuitana ku mpira ankati, "Pitani ana inu, ine mawondowa." Kenako tsiku lina mpheta inagunda windo la kalasi n'kufa. Aphunzitsi anali atatuluka pang'ono. Yamikani anaikulunga m'kampango kake, anasankha okumba, anakhazika atsikana mbali ino anyamata mbali iyo, anayambitsa nyimbo, kenako n'kuimirira kuyankhula. Akuti ananena kuti malemuwa anali osakonda mikangano, ndipo asiya ana ang'onoang'ono osadziwa kuti adya chiyani mawa. Mawu anga enieni, ana inu, osachotsa ngakhale limodzi. Kalasi yonse inalira zenizeni. Ena anakafika kwawo akulirabe. Wina anakana sadza, nsima yakunoyi, madzulo ake poti ali pa chisoni, wina anafunsa amayi ake kuti iwo amwalira liti.

Mai Moyo anandiitanitsa. Sanandikalipire, ndipo chimenecho n'chimene chinandivuta, chifukwa ndinapita nditakonzekera mkangano. Anandipatsa mpando wa ana, mawondo anga n'kufika m'chibwano, ndipo tinayankhula m'Chishona.

"Sekuru, mwana wanu ndi wanzeru. Amamvetsera, samenya anzake, wina akagwa amayamba ndiye kufika. Koma sindinamuonepo akuthamanga. Ndikati aliyense agwire dzanja la mnzake, iye amabwera kudzagwira langa. Ndinamufunsa kuti anzake ndani. Anatchula inu, a Juwawo, ndi ena a Sikelo, koma akuti amenewo munawaika chaka chatha."

"Onsewo ndi anthu abwino," ndinatero.

"Sindikukana, sekuru. Koma akufunika mnzake woti azikangana naye."

Ndinatuluka nditakwiya. Kuyambira liti sukulu kudandaula kuti mwana sakangana? Ife ankatikwapula chifukwa cha ndewu, lero akuiitanitsa ngati mbali ya yunifolomu.

Nkhaniyo ndinauza agogo anu aakazi okha, ndipo mukuwadziwa, kuwauza iwo n'chimodzimodzi kulengeza pa wailesi. Lamulungu lisanathe inali itafika ku Joni. Esnati anaimba foni, zija zoonana nkhopezi, nati akufuna kuyankhula ndi mwana wake. Yamikani anakhala bwinobwino pa mpando, n'kuyamba kutsokomola kaye.

"Mwaswera bwanji kumeneko, amayi? Nanga mabwana anu ali bwanji? Ife kuno tilipo, koma anthu akutha."

Esnati anamuyang'anitsitsa. Kenako anati, "Ndipatse agogo ako."

Ndinailandira.

"Ababa, ndinakusiyirani mwana, inu mwandisandutsira mdala. Ndikubwera sukulu ikatsekera. Ndikadzamupeza ali chomwechi, ndikukamusiya ku Turf kwa achimwene. Kumeneko kuli ana anzake."

Ku Turf, kwa bambo anu, ku mgodi kuja. Ana anzakewo ndinu akuluakulunu, nthawi imeneyo muli mamina okhaokha. Musaseke, ndinkakupukutani ndine.

Ndinachita mantha, ana inu. Ndaika anthu ambiri maso ali gwa, koma poganiza za njinga ija yopanda kamutu kaja patsogolo panga, chakudya chinakana kutsika. Munthu ukakalamba anthu amakupatsa ulemu, koma okufunsa mafunso amatha. Mwana uja ankandifunsa chilichonse, kuyambira chifukwa chake bokosi la maliro limatuluka miyendo ili kutsogolo mpaka chifukwa chake a Juwawo amabera pa bawo. Ndinadziwa kuti akapita ku Turf ndizimuona pa Khirisimasi pokha, atandiiwala.

M'mawa mwake ndinapita kwa a Juwawo. "Tiyenera kumuphunzitsa mwanayu kusewera," ndinatero.

"Aikona, a Phiri," anayankha. "Ine ndinasewera komaliza Apwitikizi asanachoke kwathu."

Koma anavomera, poti nawonso ankamukonda. Tinayamba ndi mpira. Tinamanga wa mapepala apulasitiki, wolimba bwino, ine n'kuuika pansi kuti ndimuonetse kamenyedwe kake. Ndinabwerera m'mbuyo, ndinathamanga, phazi linapita, ine n'kutsala. Ndinagwa chagada m'dengu la matimati a agogo anu. Bondo lija linapuma ntchito tsiku limenelo. Ndili chigonere, ndinaona Yamikani akubwera pang'onopang'ono, manja kumbuyo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Agogo, ndikadziwitse a sosaite?"

Tinayesa chibisalirano. A Juwawo anakabisala kuseri kwa chimbudzi, ine n'kuuza mwana kuti akawafune. Anakana. Anati munthu wamkulu akapita kuseri sitimutsatira. A Juwawo anadikira, anadikira, mpaka tinawapeza akuliza mkonono atatsamira khoma. Ndinamupangira galimoto ya waya, yokongola, ya mateyala a zitsekerero, ngati zimene tinkapanga ku Muzvezve. Anaizungulira, anagwedeza mutu mokhutira, nati imeneyi ingathandize kunyamula amayi okalamba popita kumanda.

Amene anathetsa zonsezi ndi agogo anu aakazi, ndipo sikuti ndi nzeru ayi, anali atakwiyira matimati awo.

"Inu a Phiri, nkhalamba ziwiri zosatha n'kudumpha ngalande zingaphunzitse mwana kusewera? Mutha ndi mafupa omwe. Loweruka kuli maliro, pitani nokha. Mwanayu akakhale kwa Mai Tapiwa."

Mai Tapiwa ndi aneba athu a nyumba yachiwiri kuchokera pano, ndipo mwana wawo Tapiwa anali m'kalasi imodzi ndi Yamikani. Kamnyamata kamene malaya ake sanakhalepo ndi mabatani tsiku lathunthu. Ine sindinkakafuna n'komwe pafupi ndi mdzukulu wanga.

Loweruka linafika. Maliro anali pa famu ina njira ya ku Kadoma. Ndikutulutsa njinga ndinapeza Yamikani ataima kale pakhomo, nsapato atapukuta, chipewa kumutu. Ndinamuuza kuti lero utsala. Sanamve, anaganiza kuti ndikucheza, mpaka anakweza mwendo kuti ndimunyamule. Ndinamugwira dzanja kupita naye kwa Mai Tapiwa. Nditakwera njinga ndekha, m'pamene anazindikira. Analira. Osati kulira kwa pamaliro kokhala ndi malamulo kuja, koma kulira kwa mwana, kukamwa konse, kupondaponda pansi, mamina mbwee.

"Agogo, musandisiye! Agogo!"

Ndinali ndisanamumvepo akulira choncho. Ndinatsitsa phazi pansi kuti ndibwerere, koma Mai Tapiwa anamukumbatira n'kundikuwira kuti ndizipita, "Endai, sekuru, endai!" Ndinapalasa osacheuka. Msewu sindinauone bwino, ndipo kombi ina, minibasi yakuno, inatsala pang'ono kupatsa sosaite ntchito yachiwiri tsiku lomwelo.

Malemu a tsikulo sindinkawadziwa kwenikweni, ndipo amene ankawadziwa ankanong'ona kuti anali munthu wovuta. Koma nditaimirira pamanda, ndinayang'ana pamene Yamikani ankaima nthawi zonse, pafupi ndi mwendo wanga, ndipo panalibe munthu. Ndinalira mokweza, ndi mawu a thirakitala aja. Anthu anagwedeza mitu, amayi anayambiranso kulira. Mkazi wa malemu yekha ndiye anasiya, n'kumandiyang'ana modabwa. Pambuyo pake anatuma munthu kudzandifunsa ngati amuna awo anali ndi ubwino wina womwe iwo sankaudziwa. Tsiku limenelo anandipakulira nyama yambiri.

Sindinakhalitse. Ndinapalasa mothamanga, n'kugula maputi, chimanga chokazinga chija, panjira oti ndikapepesere. Ndinkayembekezera kumupeza ali pakona, maso otupa, akundidikira. Chimene ndinayamba kuona ndi chipewa changa chili pansi pakati pa msewu, chikugwira ntchito ya golo. Kenako kamwana kena kanadutsa liwiro, kabudula wong'ambika, mlomo wotupa, fumbi mpaka m'nsidze. Ndinachita kuyang'anitsitsa kuti ndikazindikire.

Mai Tapiwa anandifotokozera. Akuti Yamikani atatopa kulira anakhala pa mpando ngati mlendo, n'kuwafunsa ngati amuna awo akupezako bwino. Tapiwa anamuzungulira kangapo, kenako anatsomphola chipewa n'kuthawa nacho. Yamikani anayamba ndi mawu: "Mwana iwe, ulemu uli kuti?" Tapiwa anachivala n'kuyamba kuvina. Ndiye mdala wathu anaiwala msana, anaiwala mawondo, n'kuliyatsa liwiro kumuthamangitsa. Anamugwira kuseri kwa khola la nkhuku, anamenyana, onse analira, kenako anadya mbale imodzi.

Ndinaitana, "Yamikani, ndabwera."

Sanacheuke n'komwe. "Mirai, sekuru, ndiri kutamba!"

M'Chishona, ana inu! Kundiuza ine kuti ndidikire, iye akusewera. Ndinaima pamenepo ndi maputi anga m'manja. Ndinakondwa, ndipo zinandipweteka, zonse nthawi imodzi. Maputiwo ndinadya ndekha, ndi mano anga ochepawa.

Pamene Esnati ankafika, Mai Moyo anali ndi dandaulo latsopano. Akuti Yamikani ndi Tapiwa salekana, amalongolola m'kalasi, ndipo achita kuwakhazika wina kutsogolo wina kumbuyo. Ankanena zimenezi akumwetulira. Kuwonjezera apo, mpira wawo unali utaswa windo la anthu ena kumunsiku. Esnati anamukalipira mwanayo nkhope ili yolimba, anamuuza kuti akapepese, kenako anatuluka kuseri kwa nyumba. Ndinamupeza akuseka, misozi ikutsika. Za ku Turf sanazitchulenso. Mwana anatsala m'nyumba muno, koma Loweruka pa njinga panga sanakwerenso.

Chaka chotsatira a Juwawo anatisiya. Yamikani sindinamuuze kuti abwere, ndinati asewere. Pamanda ndinaimirira monga mwa nthawi zonse, koma mawu anakana kutuluka, ndipo tsiku limenelo panalibe chosekesa. Anayankhula wina. Titabwerako ndinakakhala ndekha pansi pa mtengo wa mango uja, bawo lili pomwe tinalisiya. Anthu ankadutsa patali, poti woyankhula pamaliro palibe amaganiza kuti nayenso angafune kupepesedwa.

Kenako ndinamva wina akundigwira dzanja ndi manja awiri. Yamikani, thukuta lili kamukamu, Tapiwa ali kumbuyo kwake ndi mpira m'khwapa.

"Pepani, agogo. Zachitikazi tazimva."

Anakhala pansi pambali panga osanena china, monga tinkachitira kwa ofedwa. Anamukodola Tapiwa, nayenso anakhala, miyendo atatambasula, nkhope ataikonza. Anakhala nthawi yaitali ndithu, kwa ana a msinkhu umenewo. Kenako Yamikani anayandikira khutu langa.

"Agogo, mwalimbako mtima? Chifukwa timu yathu ikuluza."

Ndinati pita. Anadzuka osagwira msana.

Ndiye iwe Tadiwa, pukuta mphunoyo, osati pa yunifolomu. Bambo ako akuti sukulu uyambira konkuno kwa ife. Kapilo kaja kali pomwepo pa njinga, ndangosintha mphira. Ndidzakunyamula mpaka pa geti, ndidzakutsitsa, iwe udzalira, ine ndidzapalasa osacheuka. Usadzaganize kuti sindikumva. Wina akadzakulanda chipewa, m'thamangitse. Ndipo ndikadzabwera kudzakutenga, iwe n'kundiuza kuti ndidikire ukusewera, ndidzadikira.